Kutoperatu ndi ntchito ya pa laputopu ndi pamsewu: njira iti ingakupulumutseni kuno ku Kasungu?

Pa depoti ya Kasungu cha m'ma 6 koloko m'mawa munthu wotere sasowa. Wakhala mpando wakumbuyo m'minibasi yodikira kudzaza, chikwama cha laputopu chili pamiyendo, chala chili pa foni kuyankha uthenga umene unalowa 11 koloko usiku. Oitanira akukuwa kuti watsala mmodzi, koma iye akudziwa kuti mmodziyo ndi anthu asanu. Akafika kumene akupita agwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, kenako m'chipinda cha resitihausi atsegula laputopu kulemba lipoti la tsikulo, nyimbo za pa bala yoyandikana nayo zikunjenjemeretsa zenera. Mawa bedi lina, msewu wina.

Anthu a ntchito zotere achuluka: ofunsa mafunso a kafukufuku pa tabuleti, alangizi a mabungwe amene ofesi yawo ili ku Lilongwe kapena kunja, owerengera ndalama za makopaletivi, omasulira, olemba nkhani, ndi achinyamata ogwira maganyu a pa intaneti. Anzawo amawasirira poti palibe bwana wowaima kumbuyo. Koma walira mvula walira matope. Ntchito yopanda ofesi ilibenso belu loweruka, ndipo ukaphatikizapo ulendo, thupi limalipira ngongole imene silinatenge.

Njira zodzitetezera zilipo zingapo, koma sizichiza chinthu chimodzi. Ambiri amathamangira tchuthi pamene vuto lili pa kayendedwe kawo, kapena amagula sola pamene vuto lili pa kulephera kukana ntchito. Ndiye tisanaziyerekeze, tiyambe tadziwa chimene tikulimbana nacho.

Si kutopa kulikonse

Kutopa wamba kumatha ndi tulo. Mukagona bwino Lachisanu ndi Loweruka, Lolemba mumadzuka muli munthu. Kumene Azungu amati burnout, komwe ife tikuti kutoperatu ndi ntchito, tulo sikukuchotsa. Dzinali analitchukitsa katswiri wa zamaganizo Herbert Freudenberger mu 1974, ndipo mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakuika m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto a umoyo lotchedwa ICD-11, osati ngati matenda, koma ngati vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa pantchito kumene kwatenga nthawi yaitali osakonzedwa. Zizindikiro zake ndi zitatu. Mphamvu zimatheratu. Mtima umachoka pa ntchito, mpaka munthu amene kale ankacheza ndi alimi mosangalala amayamba kuwaona ngati manambala ongodzazira fomu. Ndipo ntchito imayamba kuipa: lipoti la maola awiri likutenga tsiku, zolakwika zikubwerezabwereza.

Chizindikiro chachiwiricho n'chimene anthu amachiphonya, chifukwa chimaoneka ngati khalidwe loipa. Munthu wayamba kukalipira wakabaza pa nkhani yaing'ono, foni ikalira mtima umagunda, Lamulungu madzulo m'mimba mumayamba kupota. Anzake amati wayamba matama, chonsecho mafuta atha.

Musanadziuze kuti ndi ntchito, pitani kuchipatala. Kuno kufooka kwa masabata angapo kuli ndi eni ake ambiri: malungo, kuchepa kwa magazi, shuga, kuthamanga kwa magazi, likodzo, TB, HIV. Munthu wogona m'malo osiyanasiyana nthawi ya dzinja, mwina mopanda neti, sayenera kuganizira kaye za burnout akamva kuphwanya m'thupi. Kuyezetsa malungo pa chala kumatenga mphindi pafupifupi 20 zokha. Kulinso matenda ovutika maganizo, amene amafanana kwambiri ndi kutoperatu. Kusiyana kwake kothandiza n'kwakuti wotoperatu akachoka pa ntchito amatha kusekako, kudya bwino, kuonera mpira. Wovutika maganizo chilichonse chimamutayikira kukoma, ndipo zikapitirira masabata awiri, imeneyo si nkhani ya tchuthi, ndi ya dokotala.

Mukatero werengani maola anu kwa sabata imodzi, m'kabuku, osati m'mutu. Lembani nthawi yodikira galimoto, nthawi ya pamsewu, nthawi yosakasaka netiweki, ndi mauthenga a usiku. Munthu wotuluka 6 koloko m'mawa, wobwerera 5 koloko, n'kulemba lipoti kuyambira 7 mpaka 9 koloko usiku, wagwira maola 13. Masiku asanu otere ndi maola 65, Loweruka tisanaliwerenge. Lamulo la ntchito la dziko lino, Employment Act ya 2000, limaika malire pa maola 48 pa sabata. Ndipo kafukufuku wa WHO ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO wofalitsidwa mu 2021 anapeza kuti ogwira maola 55 kapena kuposerapo pa sabata chiopsezo chawo cha sitiroko chimakwera ndi 35 pa 100 aliwonse, cha kufa ndi matenda a mtima ndi 17 pa 100, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Kabuku kameneka n'kamene kadzakuuzeni njira yoyambira.

Kayendedwe: apa m'pamene pagona nkhani

Pali mayendedwe atatu amene anthu amasankha, kaya mwadala kaya mongozolowera.

Oyamba ndi kugona kumene dzuwa lakulowerani. Lero Santhe, mawa Chinkhoma, mkuja Chamama, kenako Nkhamenya. Pa pepala amaoneka anzeru: simubwerera m'mbuyo, ndalama ya thiransipoti ndi yochepa, ndipo kwa olandira alawansi ya usiku, usiku uliwonse ndi ndalama. Koma ndi mayendedwe amene amatha munthu msanga kuposa onse, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Ofufuza za tulo anapeza kuti usiku woyamba pamalo achilendo mbali imodzi ya ubongo imagona mwatcheru, ngati mlonda, kumvetsera phokoso lililonse. Usiku wachiwiri pamalo omwewo m'pamene tulo timabwera tokwanira. Tsono munthu wosintha bedi tsiku ndi tsiku usiku wake uliwonse ndi woyamba. Onjezerani kufunafuna: chipinda chili kuti, madzi osamba alipo, soketi ikugwira, pa netiweki ndiime pati, ndidya chiyani. Mafunso ang'onoang'ono amenewa amadya mutu womwewo umene mukufuna kulembera lipoti. Chakudya nacho chimasanduka chipisi cha pachiwaya ndi zakumwa zotsekemera, masiku asanu otsatizana. Mayendedwe awa ndi opirira kwa masiku atatu kapena anayi ngati ntchito yakakamiza, bola pambuyo pake pakhale masiku awiri osayenda. Kuwasandutsa moyo wa mwezi ndi mwezi ndi kudzikumbira dzenje.

Achiwiri ndi kukhala ndi malo amodzi, tinene pa boma pa Kasungu, n'kumapita ndi kubwerera. Bedi ndi lomwelo, mukudziwa ngodya imene netiweki imagwira, muli ndi mbaula yanu ndi neti yanu, zovala zimachapidwa. Kasungu ili pabwino pa zimenezi chifukwa ili pa M1: kumpoto mumafika Chatoloma ndi Nkhamenya, kummwera Chinkhoma, Madisi ndi Mponela, ndipo Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Vuto lake ndi maola a pamsewu. Muyezo wothandiza ndi uwu: ngati kupita ndi kubwera pamodzi sikupitirira maola atatu, bwererani kukagona kwanu. Kukapitirira anayi, mwasinthanitsa vuto la bedi lachilendo ndi vuto la msana, ndipo mudzayamba kuyenda usiku, nthawi imene ngolo ndi njinga zopanda nyale zimadzaza msewu. M'dzinja muyezowu umasintha, chifukwa msewu wafumbi umene mu Ogasiti ndi wa ola limodzi, mu Febuluwale ungakudyereni theka la tsiku.

Achitatu ndi kukhazikika sabata yathunthu kapena iwiri pamalo amodzi, kumaliza zonse za dera limenelo, kenako n'kusamuka. Mwachitsanzo, amene ntchito yake ikukhudza maboma awiri angakhale masabata awiri ku Kasungu, n'kusamukira ku Mchinji masabata awiri, kumene angafikire Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda. M'mwezi wonse usiku wachilendo ndi uwiri wokha. Mwini loji amatsitsa mtengo mukalipira za sabata, mumadziwana ndi mayi wophika nsima yabwino, wakabaza mmodzi amakhala wanu. Kwa wogwira ntchito ya pa intaneti yokhayokha, amene akuyenda chifukwa chofuna osati chokakamizika, njira iyi ndi imene tingamulangize mosakayika. Mtengo wake ndi kusungulumwa, makamaka kwa wa pabanja. Masabata awiri osaona ana ndi ambiri, ndipo madzulo opanda wocheza naye amakokera munthu ku malo awiri: kubwerera pa laputopu, kapena ku bala. Amene wasankha njira iyi apezeretu kocheza kosakhudza ntchito, kaya ndi tchalitchi, mzikiti, bwalo la mpira kapena bawo pansi pa mtengo.

Pa atatuwa, achiwiri ndi amene amakwanira anthu ambiri, achitatu ndi amene amasunga thupi bwino, oyamba ndi amene amabweretsa ndalama msanga n'kuzibweza kuchipatala. Koma paliponse pamene mwasankha pali lamulo limodzi losasintha: tsiku la ulendo ndi tsiku la ntchito. Kuchoka ku Kasungu kupita ku Lilongwe pa galimoto yaing'ono ndi maola awiri, koma pa minibasi yodikira kudzaza n'kumaima pa Madisi, Mponela ndi Lumbadzi, m'mawa wonse wapita. Musalonjeze lipoti tsiku limenelo. Musaikenso ulendo Lamulungu madzulo n'kumati mwapuma sabata imeneyo. Ndipo kulemba pa laputopu m'galimoto yoyenda ndi bodza limene tonse timadzinamiza: ndime imodzi pa ola, khosi lowawa, ndi nseru.

Kuika belu loweruka

Njira ina sikhudza msewu, imakhudza wotchi. Ndi yaulere, ndipo n'chifukwa chake anthu amaipeputsa.

Amene amagwirira ntchito anthu akunja ayambe wadziwa kusiyana kwa nthawi. Johannesburg ndi Lusaka tili nawo limodzi, Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi. London imatsalira ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndi ola limodzi miyezi inayo. New York imatsalira ndi maola 7 m'nyengo yawo yozizira ndi 6 m'nyengo yotentha, kutanthauza kuti 9 koloko yawo ya m'mawa ndi 3 kapena 4 koloko yathu ya masana, ndipo akamaweruka kuno ndi 11 kapena 12 koloko usiku. Ntchito ya ku London munthu angaigwire popanda kuwononga tulo. Ya ku America n'njotheka pokhapokha mutavomereza kuti tsiku lanu limayamba masana. Cholakwika chofala ndi kugwira masiku awiri m'tsiku limodzi: kudzuka ndi tambala monga aliyense pamudzi, kugwira za kuno, kenako kuyamba za ku America dzuwa likupendeka. Munthu wamkulu amafunika maola 7 mpaka 9 a tulo, ndipo wogona 12 koloko n'kudzuka 5 koloko akutsala ndi ngongole ya maola awiri usiku uliwonse.

Pa kuweruka penipeni pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kudalira mtima wanu kuti ikakwana 6 koloko simuyankhanso. Imagwira sabata imodzi. Yachiwiri ndi kulekanitsa mafoni: nambala ya ntchito ndi WhatsApp yake zikhale pa foni ina, ya abale pa ina, ngakhale itakhala kafoni ka mabatani. Madzulo ya ntchito imazimitsidwa n'kulowa m'chikwama pamodzi ndi laputopu, chikwama n'kutsekedwa. Iyi imagwira chifukwa simulimbana ndi chiyeso usiku uliwonse, mwachichotseratu. Foni ya ma SIM awiri siithandiza pa zimenezi, popeza mauthenga onse amagwerabe m'dzanja limodzi.

Malire osauza anthu ndi opanda pake. Kwa abwana nenani mwaulemu koma mwa manambala: "Bwana, kuyambira sabata ino mauthenga a ntchito ndiziyankha kuyambira 7:30 m'mawa mpaka 5:30 madzulo. Kukakhala zadzidzidzi mundiimbire pa nambala iyi." Kupereka nambala ya zadzidzidzi n'kofunika, chifukwa kumachotsa mantha awo, ndipo mudzaona kuti zadzidzidzi zenizeni n'zochepa. Kunyumba nkhani imatembenuka. Kumeneko vuto si kuweruka koma kuyamba, chifukwa munthu wokhala pakhomo ndi laputopu amaoneka ngati alibe chochita. Ndi amene amatumidwa kuchigayo, kukatenga mwana kusukulu, kuperekeza alendo ku siteji. Ntchito yotsala masana imagwiridwa usiku. Apa pafunika kukhala pansi ndi akuluakulu: "Amayi, chitseko ichi chikatsekedwa ndiye kuti ndili kuntchito ngati mmene amapitira achimwene. Ndikatuluka 12 koloko mundiuze zonse." Maliro ndi matenda n'zina, palibe angakane. Koma zinkhoswe ndi misonkhano ya Loweruka lililonse, muli ndi ufulu wosankhapo.

Njira ya wotchi imathandiza kwambiri amene ntchito yake ndi yokwanira m'maola 8 koma yamwazikana tsiku lonse. Kwa amene ntchito yake ndi ya anthu awiri, malire okha amangomusiya ndi mulu wokulirakulira. Ameneyo awerenge za kuchepetsa katundu m'munsimu.

Kugula mtendere wa magetsi ndi netiweki

Pali kutopa kwina kumene sikuchokera ku ntchito yeniyeniyo koma ku mantha: batire latsala 12 pa 100, magetsi azima, msonkhano wa pa Zoom uyamba pakatha mphindi 20. Ndiponso magetsi akamabwera usiku, munthu amayamba kugwira ntchito nthawi ya magetsi m'malo mwa nthawi ya thupi lake. Vuto ili ndalama zimalithetsa.

Power bank ya 20,000 mAh imasunga mphamvu pafupifupi 74 Wh (Wh ndi muyezo wa mphamvu ya magetsi: mawati kuchulukitsa ndi maola). Foni imaitchaja katatu kapena kanayi, koma laputopu siifika nayo patali, mwina kamodzi, ndipo pokhapokha zonse ziwiri zili ndi USB-C yotulutsa ndi kulandira mawati 45 mpaka 65. Ndi ya woyenda. Wokhala malo amodzi amapindula ndi sola. Laputopu wamba imadya mawati 30 mpaka 45, ndiye maola 8 ndi 240 mpaka 360 Wh. Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200 Wh, koma la mtundu wa asidi musalitsitse kupitirira theka, apo ayi lifa msanga, choncho zanu ndi 600 Wh, kuchotsaponso zimene inveta imataya. Zimakwana tsiku lathunthu n'kutsalako. Panelo ya mawati 100 pa dzuwa labwino imabweza pafupifupi 400 Wh patsiku, koma mu Januwale wa mitambo imabweza zochepa. Anthu amalakwitsa polumikiza panelo ku batire popanda chowongolera mphamvu, kapena kulumikizapo wailesi, TV ndi mafoni a mudzi wonse, kenako n'kumati sola ndi yabodza.

Pa netiweki khalani ndi Airtel ndi TNM zonse, chifukwa kumene ina yafooka ina imatha kugwira. Msonkhano wa kanema umatha kudya bandulo yoyandikira 1 GB pa ola, wa mawu okha sufika n'komwe pa gawo limodzi mwa magawo asanu a imeneyo, ndiye pemphani kuzimitsa kamera. Mapulogalamu ngati KoboCollect amalola kudzaza mafomu popanda intaneti n'kutumiza pambuyo. Gwirizanani ndi ofesi kuti muzitumiza kamodzi patsiku, kapena mukafika pa boma, m'malo mokwera chulu usiku foni ili m'mwamba.

Chenjezo n'lakuti zipangizozi zimachotsanso chowiringula. Kale magetsi akazima munkapuma mokakamizika. Wogula sola asanaike belu loweruka wangodzigulira maola ena a ntchito.

Tchuthi: chabwino, koma chimasuluka

Lamulo la ntchito lija limapatsa wolembedwa ntchito masiku 15 a tchuthi pachaka ngati amagwira masiku asanu pa sabata, ndi 18 ngati amagwira asanu ndi limodzi. Funso ndi kagawidwe kake. Ofufuza akhala akupeza kuti ubwino wa tchuthi umasuluka pakangopita masabata ochepa munthu atabwerera ku katundu yemwe uja. Choncho kwa amene sanafike potoperatu, kugawa masikuwo katatu kapena kanayi pachaka, kuphatikiza ndi Loweruka ndi Lamulungu, kumathandiza kuposa kuwasungira onse Disembala. Ikani kamodzi pambuyo pa nyengo yolemetsa ya ntchito yanu: kwa a zaulimi imeneyo ndi nthawi yogawa zipangizo mvula isanagwe ndi nthawi ya misika kuyambira Epulo. Kutentha kwa Okutobala nako kumaba tulo, ndiye si mwezi wodzipanikiza.

Kopita nako n'kofunika kukuganizira moona mtima. Kumudzi kuli nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, ndi anthu okukondani. Kulinso mndandanda umene wakhala ukukudikirani: feteleza, fizi, denga lodontha, mlandu wa malire a munda. Kwa ena kumudzi ndi mankhwala, kwa ena ndi ofesi yachiwiri. Kukhala pakhomo panu foni ya ntchito itazima n'kotsika mtengo ndipo nthawi zambiri n'kopumitsa kuposa ulendo, makamaka kwa munthu amene chamutopetsa ndi ulendo womwewo. Amene ali ndi kangachepe angathe kukagona masiku awiri ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu National Park, kumene chochita chachikulu ndi kuyang'ana mvuu padamu. Chosathandiza ndi tchuthi cha maulendo ataliatali, lero kunyanja mawa ku Mzuzu, chomwe munthu amabwerako akufuna tchuthi china.

Wodzilemba yekha ntchito lamulo la tchuthi silimuteteza. Ayenera kudzilipira yekha: pa malipiro aliwonse apatule kagawo, tinene limodzi mwa magawo khumi, kuti sabata yopuma isakhale sabata ya njala.

Kuchepetsa katundu, ndi kusiya

Iyi ndi njira yowawa, ndipo ndi yokhayo imene imafika pa muzu ngati kabuku kaja kaonetsa maola opitirira 55 sabata ndi sabata. Christina Maslach ndi Michael Leiter, amene afufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, amatchula zinthu zisanu ndi chimodzi zimene zikasokonekera munthu amatoperatu: kuchuluka kwa ntchito, kukhala ndi mphamvu pa kagwiridwe kake, malipiro ndi kuyamikiridwa, ubale ndi anzako, chilungamo, ndi kugwirizana kwa ntchitoyo ndi zimene umakhulupirira. Taonani kuti palibepo chimene chimakonzedwa ndi kugona. Malipiro ochedwa miyezi iwiri, kapena kudzilipirira thiransipoti n'kumadikira kubwezeredwa, kumatopetsa mofanana ndi maola ochuluka.

Kwa wolembedwa ntchito, kudandaula kuti "ndatopa" sikusuntha kanthu, aliyense watopa. Pitani ndi pepala: midzi 12 pa sabata, maola akuti pamsewu, malipoti akuti. Kenako perekani chosankha: "Bwana, pa zitatu izi ndingamalize ziwiri bwinobwino pofika Lachisanu. Mukufuna ndiyambe ziti?" Mwawapatsa udindo wosankha, womwe ndi wawo kale. Pemphani zinthu zogwirika: tsiku limodzi pa sabata losapita kumudzi loti mulembe malipoti, lipoti la sabata m'malo mwa la tsiku ndi tsiku, kapena kuchepetsa magulu a WhatsApp amene muyenera kuyankhamo.

Kwa wamaganyu a pa intaneti mdani ndi mantha a mwezi wopanda ntchito, amene amamuvomerezetsa chilichonse. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Lembani makasitomala anu onse, pambali pa aliyense ndalama zimene amabweretsa ndi maola amene amadya, kuphatikizapo okonzanso ntchito ndi olondola malipiro. Kawirikawiri pamapezeka mmodzi wolipira pang'ono koma wolira kwambiri. Ameneyo ndi woyamba kumukwezera mtengo kapena kutsanzikana naye mwaulemu.

Kusiyiratu ntchito kuli ndi malo ake, makamaka pamene vuto ndi nkhanza kapena kupanda chilungamo kosasintha. Koma ntchito kuno n'zosowa, ndipo nkhawa ya lendi imatha munthu mofanana ndi bwana wovuta. Musasankhe zimenezi pakati pa usiku kapena pa sabata imene simunagone. Yambani mwapuma, yesani kukambirana, sungani ndalama zokwana miyezi itatu ngati n'kotheka, kenako muone.

Ngati mwafika kale pogwa

Apa dongosolo limasintha. Malire ndi sola n'zotetezera, wogwa kale ayenera kuima kaye. Wolembedwa ntchito amene wakwanitsa miyezi 12 ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro onse ndi ena asanu ndi atatu pa theka, pachaka, akakhala ndi kalata ya kuchipatala. Pa chipatala cha boma funsani namwino woona za matenda a maganizo. A St John of God ali ndi chithandizo cha uphungu ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Abusa, ashehe kapena ankhoswe angathandize kusenza mtolo wa mumtima, ndipo n'kwabwino kuwafikira, koma sangayeze magazi. Ngati maganizo ofuna kudzipha abwera, uzani munthu amene muli naye pafupi ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Sabata yoyamba musayembekezere zambiri. Ambiri amagona kwambiri, ena amadwala chimfine atangoima, ena amadziimba mlandu poona anzawo akupita kuntchito. Ulendo uliwonse wosakakamiza uimitsidwe. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale munagona mochedwa, chifukwa nthawi yodzuka ndi imene imakonza wotchi ya thupi. Tulukani padzuwa m'mawa. Tulo ta masana tisapitirire mphindi 20 kapena 30, ndipo tisafike madzulo. Yendani pansi mphindi 30 masiku asanu pa sabata, zomwe zikukwana mphindi 150 zimene WHO imalangiza. Kukwera phiri la Kasungu kudikire kaye mpaka miyendo itayamba kufuna yokha.

Zinthu zitatu zimaoneka ngati zothandiza koma zimachedwetsa kuchira. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu zili ndi kafeini, amene theka lake limakhala likadali m'magazi patapita maola pafupifupi asanu, ndiye chitini cha 4 koloko masana chikugwirabe ntchito nthawi yogona. Lekezani cha m'ma 1 koloko. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku, munthu n'kudzuka 3 koloko maso ali gwa. Mapiritsi ogonetsa ogula popanda dokotala, monga diazepam, thupi limawazolowera m'masabata ochepa, ndipo kuwasiya kumakhala vuto lina.

Kuchira kumatenga masabata angapo kwa amene wazindikira msanga, miyezi kwa amene anapirira nthawi yaitali. Mphamvu zikayamba kubwerera pamabwera chiyeso chofuna kulipira masiku onse otayika m'sabata imodzi, ndipo ambiri amagwanso pomwepa. Bwererani ndi theka la tsiku sabata yoyamba, popanda ulendo. Sabata yachiwiri maola asanu ndi limodzi, ndi ulendo umodzi wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Kugona kunja kuyambe sabata yachitatu kapena yachinayi, usiku uwiri pamalo amodzi. Kabuku ka maola kapitirire, ndipo Lachisanu lililonse muziwonkhetsa: sabata ikapitirira maola 48, kapena mwagona mabedi oposa awiri, yotsatirayo chotsanimo ulendo umodzi musanavomere china chilichonse.